Waya Wolendewera pa Chibhorani cha Bothwell

Tisungeni Mlenga ndi msuweni wanga, ndipo ndikati ndimamudziwa, ndikunena munthu amene ndinafunda naye bulangete limodzi pa famu ya fodya kufupi ndi Banket, kuno kudziko la Ashona. Agogo athu anachokera ku Dedza wapansi kudzafuna ntchito, ife tinabadwira m'komboni, Malawi timangomumva m'nkhani. Mafamu atayamba kulandidwa tinathamangitsidwa ndi nkhwangwa, Tisungeni ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Anaona bambo ake akuthyoledwa nthiti ndi mpini wa khasu chifukwa chobwerera m'nyumba kukatenga wailesi. Kuchokera tsiku limenelo mtsikanayo anachepetsa zolankhula. Pakamwa pa banja lonse ndinatenga ndine, Celestina, iye anatenga mutu.

Mayi ake anapeza ntchito ya m'nyumba ku Waterfalls, banja n'kukapanikizana m'chipinda chimodzi ku Dzivarasekwa. Ine ndinakwatiwa ku Hopley, banja linatha, ndinatsala ndi tebulo la matimati. Tisungeni sukulu anailekeza panjira chifukwa chosowa chitupa chobadwira, monga ana ambiri a m'mafamu, ndipo anayamba kusesa m'shopu ya intaneti m'tauni. Tsache linali pansi koma maso anali pa manja a bambo wokonza makompyuta. Bamboyo atapita ku Joni, mwini shopu anazindikira kuti wosesa uja ndi amene akudziwa kumene waya aliyense akupita. Chitupa anachipeza ali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, mapepala a ntchito yake anabwera pambuyo. Lero mabizinesi ang'onoang'ono amamuimbira foni makina awo akadwala.

Chimene chinkanditopetsa mwa iye ndi ulemu. Ana a masiku ano Chichewa amachilankhula ngati akutafuna mchenga, ndipo akulu amawaponyera moni wa Chishona akudutsa. Tisungeni ayi. Ngakhale atabereka chikwama cha laputopu, akakumana ndi wamkulu ankaima, n'kuwerama, n'kufunsa za kunyumba mpaka nkhuku zomwe. Ndinkamuseka kuti kombi zonse zimamusiya chifukwa cha moni. Pa ntchito analinso chimodzimodzi. Ine foni ikandivuta ndimaimenyetsa pa tebulo, iye ankati makina safuna mbama, umawafunsa funso limodzi, n'kudikira ayankhe, kenako lina.

Tsopano muyenera kumvetsa za madzi. Pa Hopley madzi ndi nkhondo, ndipo wopambana nkhondoyo kudera kwathu anali Bothwell. Anakumbitsa chitsime chakuya, chimene kuno timati chibhorani, anaika masola, mathanki anayi pamwamba, mipopi khumi ndi iwiri, n'kuzinga mpanda. Aliyense anali ndi khadi: ukaligunditsa pa kabokosi mpopi unkatseguka, chigubu chikadzaza unkatseka wokha. Pachipata pankaima zigandanga zake zinayi, china ndi chikoti, china ndi chidutswa cha paipi yachitsulo. Bothwell sankakuwa. Ankangoloza munthu ndi chibwano, zotsalazo ankamaliza ndi anzakewo.

Mutu wa zonsezi unali m'kontena kuseri kwa mathanki. M'menemo munali seva, chibokosi chakuda chimodzi, koma m'kati mwake munkakhala makompyuta atatu opanda thupi, amene Tisungeni ankawatcha ma VM. Anandifotokozera kuti zili ngati nyumba ya ku Dzivarasekwa imene mwini wake waidula zipinda n'kuikamo maloja atatu: aliyense ali ndi moto wake, koma onse amatulukira khomo limodzi. Loja woyamba ankayang'anira makadi a madzi, wachiwiri makamera, wachitatu intaneti imene Bothwell ankagulitsa kwa anthu a mafoni. Amene anamutchula Tisungeni kwa Bothwell kuti azisamala chibokosicho ndine, ndi pakamwa panga pomwepa, ndipo ndimadana napo mpaka lero.

Makiyi a kontena anali ndi anthu atatu: Bothwell, Tisungeni ndi bambo Hassan. Bambo Hassan anali Myao wa zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri, wosesa pamalopo ndi kupukuta masola. Anagwira ntchito ya mthirira pa famu ina ku Mazowe zaka makumi atatu, akusenza mapaipi ndi kuwalumikiza m'minda ya tirigu. Kumsana anali ndi chipsera cha chikoti cha kapitawo, chimene anachipeza tsiku lina ataiwala kutseka mapeto a paipi, madzi n'kukokolola mbewu. Anali munthu wa swala, kachipewa koyera kumutu, mowa sanaulaweko chibadwire. Iwo ankamutcha Tisungeni mwanangu, ndipo akamva kuti akubwera ankamusungira chimanga chootcha.

Lolemba la sabata imene ndikunena, mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, Tisungeni anabwera chifukwa makadi ankachedwa pang'ono. Anapeza kuti makamera ndi amene akudzaza khomo lija, ndipo anaganiza zowapatsa khomo lawolawo. Kuseri kwa seva kunali kabowo kachiwiri kolowetsa waya. Analowetsamo waya wabuluu, koma kachipangizo koti mbali inayo ikalowemo analibe, choncho anamusiya akulendewera, n'kunena kuti abweranso Lachisanu. Bambo Hassan anafunsa ngati n'kwabwino kuti wayayo akhale kukamwa yasa. Tisungeni anali pafoni ndi kasitomala wina, anangoti, "Musadandaule, bambo," n'kuthamangira kombi.

Bambo Hassan anadandaula. Masiku awiri ankamva amayi pamzere akung'ung'udza kuti makadi akuchedwabe, ndipo akalowa kukasesa ankaona waya uja akulendewera. Kwa munthu wa mthirira nkhaniyo inali yosavuta: madzi akachepa mphamvu kutsogolo, ndiye kuti penapake pali paipi yosatseka. Lachitatu m'mawa anatenga mbali yolendewera ija, anapeza kabowo kopanda kanthu pa swichi, kabokosi kamene mawaya onse amakumanapo, n'kuilowetsa. Anakulunganso wayayo bwinobwino n'kumumanga ndi kampira ka chubu. Zimenezi ine ndinazidziwa pambuyo pake.

Chimene ndinaona ndili pa tebulo langa ndi mzere ukuima. Khadi limene linkatsegula mpopi munthu asanaphethire linayamba kutenga mphindi zisanu, lina osatsegula n'komwe. Pofika naini koloko zigubu zinali zitafika kumsewu, makanda akulira kumisana, anthu a ngolo akukankhana ndi amayi. Mayi wina anamenya mnzake ndi ndowa yachitsulo pamphumi, khungu linang'ambika, magazi n'kutsikira m'diso. Zigandanga zinalowa pamzere ndi chikoti, osasankha wokalamba kapena wapakati. Matimati anga anapondedwa onse, ine ndikutukwana mpaka mawu anasasa.

Kenako wina anati ndi chiwembu. Panali mwamuna wina dzina lake Admire, wokankha ngolo ya madzi a chibhorani china cha kutsidya kwa msewu, amene anaima pafupi ndi mpanda kuonerera chipwirikiticho. Munthu analoza kuti anamuona dzulo lake akuzungulira kontena. Palibe amene anafunsa zambiri. Anamukokera m'kati, anamugwetsa pa simenti, paipi inatsika, njerwa inatsatira. Anthu omwe aja ankakwapulidwa ndi amene anathandiza kuponda. Ndinamva mutu wake ukulira pa simenti, ndipo phokoso limenelo limandibwererabe. Anamutaya kunja kwa chipata akupuma mobanika, koma mipopi sinafulumire ngakhale pang'ono.

Tisungeni anafika dzuwa lili paliwombo, atakwera kombi ziwiri, ndipo pachipata anachita kulumpha magazi. Bothwell anandiyang'ana ine. "Ndiwe unamubweretsa sisi wakoyu," anatero m'Chishona. "Lowa, uone." Tinalowa m'kontena anthu anayi: ine, Tisungeni, Bothwell ndi chigandanga cha paipi chija, dzina lake Talent. M'menemo munkatentha ngati m'balani yootchera fodya.

Tisungeni anakhala pa kreti, n'kutsegula laputopu. Anayamba ndi magetsi, mabatire anali odzaza. Analowa mu seva, anapeza kuti maloja aja palibe amene ali ndi ntchito yomupitirira msinkhu, ndipo malo osungira zinthu analipo ambiri. Kenako anatumiza timauthenga toyesera kwa kompyuta ya makadi, tija timapita n'kubwerera kudzanena nthawi imene tatenga panjira. Pa khumi tinabwerera titatu tokha, tochedwa.

"Ndi netiweki," anatero motsitsa.

"Ndi munthu," anatero Bothwell. "Ndipatse dzina."

Talent anamenya chipupa cha kontena ndi paipi, makutu anga anangoti ng'wii. Tisungeni sanatembenuke. Anayesa kuti maloja awiri alankhulane okhaokha m'kati mwa nyumba, osatuluka panja, nazonso zinkangokwawa. Anazimitsa kompyuta ya makamera, poganiza kuti vuto la Lolemba lija lakula. Palibe chinasintha. Anazimitsa ya intaneti, anthu a mafoni kunja n'kuyamba kukuwa nawo, koma makadi anali chimodzimodzi. Paipi inagundanso chipupa, ulendo uno pafupi ndi mutu wake. Ndinamuuza Talent kuti amake anabala chitsiru, iye anandipatsa mbama imene inandikhazika pansi.

Tisungeni anatsegula poonera zimene zikudutsa pakhomo la seva, ndipo ndinaona nkhope yake ikusintha. Maloja awiri anali atagona, koma pakhomo pankadutsa mauthenga mamiliyoni, onse ofanana. Anandifotokozera patapita miyezi kuti makomo awiri a seva aja anali akadali olumikizana m'kati. Ukawalowetsa onse pa swichi imodzi, uthenga umatulukira khomo ili, n'kulowera linalo, n'kutulukanso, ukuchulukana ngati miseche, mpaka njira yonse kudzaza. Anagwada n'kusuzumira kuseri kwa kabati ya seva. Timagetsi tonse ta pa swichi tinkaphethira nthawi imodzi osapumira. Ine ndinali pansi pomwepo ndi tsaya lotupa, choncho ndinaona zimene iye anaona: waya wabuluu wokulungidwa mwaluso, womangidwa ndi mpira wa chubu, mfundo yake ya anthu a mthirira. Ife ana a pafamu mfundo imeneyo sitingaisokoneze.

Anazula wayayo. Timagetsi tinadekha, ndipo tisanapume kawiri tinamva kunja madzi akukhuthukira m'zigubu, amayi akuimba nthungululu. Kampira kaja anakamasula mwachangu n'kukabisa m'thumba la jinzi yake.

Bothwell anali ataona waya m'manja mwake, ndipo anafunsa kuti analowetsa ndani. Anafuna zithunzi za makamera, koma makamera onse anayang'ana ku mipopi ndi kuchipata, m'kontena munalibe. Anakweza zala zitatu, n'kupinda chimodzi, chake. "Watsala iwe ndi mudhara," anatero, kunena mkulu wosesa uja. Kunja magazi a Admire anali asanaume, ndipo tonse tinkadziwa kuti munthu wa zaka za bambo Hassan paipi imodzi imukwana.

"Ndine," anatero Tisungeni. "Ndinalowetsa Lolemba, ndinalakwitsa bowo."

"Lachiwiri madzi ankatuluka."

"Zimayamba pang'onopang'ono, mukoma. Zimatenga masiku kuti zidzaze."

Linali bodza, koma Bothwell za mawaya sankazidziwa, ndipo anali atatsala pang'ono kulimeza. Pamenepo ndi pomwe bambo Hassan anatulukira pakhomo la kontena, tsache m'manja, nkhope ikuwala. Anali atamva madzi akutuluka. Analankhula m'Chichewa, ndi mawu a munthu wobwera kudzalandira zikomo. "Mwanangu, waona? Pulesha yabwerera. Ndinaona kawaya kaja kakutaya, ndiye m'mawa ndinati ndikuthandize..."

"Ati chii mudhara?" anafunsa Bothwell m'Chishona, poti sanamve zimene mkuluyo ananena. Talent, amene anakulira pakati pa anthu a kwathu ndipo Chichewa amachimva, anatsegula pakamwa kuti amasulire.

Tisungeni anadzuka. Ndinamva mawu amene sindinkadziwa kuti ali nawo, okuwa, a Chishona chokhachokha kuti aliyense mpaka pamzere amve. "Mudhara uyu adhakwa!" Anati aledzera kuyambira m'mawa, akununkha kachasu, sadziwa kusiyanitsa waya ndi chingwe cha nsapato. Anati kachipewa n'kongonamizira anthu, botolo amabisa kuseri kwa thanki. Kenako anatambasula dzanja, anakantha kachipewako n'kugwera m'matope, n'kuwakankha pachifuwa. Zigandanga zinafa nalo phwete. Talent anaiwala zomasulira, anawaonjezera theche kumbuyo akuti pitani mukagone, sekuru, kutanthauza agogo. Bambo Hassan anatola kachipewa kawo. Anamuyang'ana Tisungeni kamodzi, n'kutuluka pachipata, tsache atalisiya pomwepo.

Bothwell ankafuna munthu woti aonetse gulu, poti zinali zitaoneka kuti Admire amumenyera chabe. Anamugwira Tisungeni tsitsi, anamukokera panja, n'kulengeza kuti uyu ndiye wakumanitsani madzi. Anagoneka dzanja lake lamanja pa simenti ya pansi pa mipopi, n'kumuponda pamkono. Talent anakweza paipi. Inatsika kawiri, ndipo Tisungeni anakuwa kamodzi kokha. Ine ndinamulumphira Talent kumsana n'kumuluma khutu mpaka ndinalawa magazi, ndipo dzino langa lakutsogolo linatsala pamalopo. Dzino ndinaliiwala, koma sindiiwala kuti anthu sanasiye kutunga. Ankangosuntha zigubu kuti magazi asadonthere m'madzi. Ndinamukulunga dzanja ndi nsalu yanga, tinayenda mpaka kumsewu waukulu tisanapeze galimoto yovomera kutinyamula.

Amati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu, koma kwa ife anadya ndi wamkulu, wopotedwa n'kukhala mwana. Zala ziwiri za Tisungeni zinapola zokhota, ndipo anaphunzira kutaipa ndi lamanzere, pang'onopang'ono, atalumira mano. Pa Hopley sanagwirenso ntchito. Ine ndinasamutsira tebulo langa kumsika wa kumtunda, madzi ndimatunga kutali. Bambo Hassan nawonso sanabwererenso kwa Bothwell. Munthu wotchedwa chidakwa pamaso pa gulu, ena a mzikiti wawo ali pamzere pomwepo, akanasesanso bwanji pamenepo?

Admire anamwalira Loweruka kuchipatala, anasiya mkazi ndi ana atatu. Ndinali pamaliropo, ndipo ndinawamva ndi makutu angawa bambo Hassan akulankhula, misozi ili m'ndevu. Anati amene anaononga makina aja, magazi a mwanayu ali pamutu pake, ndipo Mulungu sadzamuleka. Ankanena Tisungeni. Iwo ankakhulupirira kuti mtsikanayo analakwitsa yekha monga anavomerera, ndi kuti waya wawo uja ndi amene anathandiza madzi kutuluka. Nditachoka pamaliropo ndinakwera kombi ya ku Dzivarasekwa mtima ukuwira. Ndinamupeza atagona, dzanja lili mu pulasitala, ndipo ndinamuuza kuti mawa ndikukawauza zonse.

"Ukawauze chiyani?" anafunsa. "Kuti Admire anafa ndi dzanja lawo?"

"Anafa ndi njerwa za Bothwell."

"Ine ndikudziwa, iwe ukudziwa. Iwo sadzamva choncho. Mpaka lero akudandaulabe tirigu wa mzungu amene anakokoloka ife tisanabadwe. Nanga munthu?" Anatembenukira kukhoma. "Anandifunsa za waya uja, Cele. Ine ndinali pafoni."

Anandilumbiritsa, ndipo pafupifupi zaka ziwiri ndinasunga chinsinsicho, ine amene mawu sagona m'kamwa mwanga. Zinkandiwawa. Tisungeni akabwera kudzandiona n'kukumana nawo panjira, ankapereka moni, iwo n'kulavula pambali. Bambowo anauza anthu onse a kwathu kuti mwana wa Mlenga makompyuta anamuononga mutu. Amayi ena anasiya kumuitana ku maukwati. Mayi ake enieni anamufunsa akulira kuti anamulakwira chiyani kuti awachititse manyazi otere, iye anangowerama.

Bambo Hassan anamwalira mu Julayi chaka chatha, chinawatenga ndi chifuwa cha m'nyengo yozizira. Achisilamu sachedwa kuika, choncho ndinamuimbira Tisungeni m'mawa womwewo. Anasiya ntchito ku Msasa n'kubwera atafunda mpango kumutu. Pakhomo anatichingamira mwana wawo wamkazi. Sanakweze mawu. Anati bambo anasiya uthenga wakuti mwana wa Mlenga asadzaponde pabwalo pawo, ngakhale iwo atagona. Pakamwa panga panatseguka, nkhani yonse inali pa lilime. Tisungeni anandigwira mkono ndi dzanja lopunduka lija, anafinya mpaka ndinamva kuwawa.

Tinakaima kutsidya kwa msewu, pafupi ndi mulu wa zinyalala, mpaka amuna anatuluka atanyamula jeneza. Atadutsa, anandifunsa osandiyang'ana.

"Sunawauze, eti? Ngakhale kumapetoku?"

"Sindinawauze."

"Ndiye apita bwino," anatero. Pamenepo ndi pomwe analira, ataima pamsewu, ndipo palibe aliyense wa pamaliropo amene anaoloka kudzamutonthoza.